Mmisiri wothawa ndi ndalama akuti "alibe mwambo", zikutanthauzanji?

Nabanda wa ku Mufakose:
Dzulo kwa amalume ku Mbare, kuno ku Harare, ndimadandaula za mmisiri amene tinampatsa ndalama za malata, iye n'kuzimitsa foni mpaka lero. Nditati ndi wakuba, amalume anandidula pakamwa: "Usati wakuba, ameneyo alibe mwambo." Ine ndimadziwa mwambo wa maliro ndi wa ukwati. Nanga pa ntchito ya denga mwambo ukulowapo bwanji? Akuluakulu ndithandizeni.

aPhiri Highfield:
Mwandikumbutsa agogo anga, anabwera kuno kuchokera ku Dedza nthawi ya chitaganya. Mtsikana akadutsa pakati pa akulu osagwada ankangofunsa kuti, "Kodi ameneyu anavinidwa?" Mwambo ndi umene anamkungwi amapereka kutsimba, anyamata kudambwe. Mmisiri wanuyo sanalangidwe, nkhani yatha.

Nambewe:
Ayi aPhiri, musaupanikizire kudambwe. Agogo anga aakazi anali a mpingo wa CCAP, kudambwe sankakufuna n'komwe, koma mawuwa sankachoka pakamwa pawo. Ankasoka pa makina a Singer pakhonde ku Dzivarasekwa. Diresi ikatha, tizidutswa tonse totsala ankatipinda bwinobwino, n'kutimanga ndi kansalu, n'kupatsa mwini wake. Ine ndikapempha kamodzi koti ndisokere chidole, yankho linali lakuti nsalu ya mwini sasewera nayo, ntchito ili ndi mwambo wake. Mpaka lero chenje cha munthu chimandiwotcha m'manja.

aPhiri Highfield:
Amayi, nanga agogo anuwo anauphunzira kuti? Ampingo nawonso ali ndi chilangizo. Gwero ndi lomwelo, kulangidwa.

Che Jafali:
Amene munakhalako kumudzi nthawi ya Kamuzu mukukumbuka ngodya zinayi: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Pamenepo sankanena za chinamwali. Ankanena kudzigwira, kufika pa ntchito nthawi yake, osadya za eni. Ndipo wantchito akalakwa amakaonekera ku komiti yosungitsa mwambo, si kwa namkungwi.

aPhiri Highfield:
Andale anachita kubwereka mawuwo, Che Jafali. Analipo kale iwo asanabadwe. Ine sindisuntha.

Nangozo:
Mukulimbana chonchi, ana athu mawuwo sakuwadziwa n'komwe. Wanga ndikamuuza kuti sunga mwambo amandiyankha m'Chishona kuti mukunena tsika (chikhalidwe) kapena hunhu (umunthu)? Agogo ake amawatcha mudhara, moni akupereka manja ali m'thumba. Zimandiwawa kwambiri.

Nambewe:
Zoona mayi. Kwathu "zikomo" anasowa, zonse ndi "bho". Ngakhale pa maliro a kwathu nyimbo za Chichewa zikungotsala ndi ife okalamba.

Nabanda wa ku Mufakose:
Zikomo nonse, koma funso langa likadali pomwepo. Wakuba ndi wopanda mwambo, woipitsitsa ndi uti? Chifukwa amalume ananena ngati kusowa mwambo ndiye mlandu waukulu.

aPhiri Highfield:
Kawafunseni amalumewo ngati sanalowe kudambwe, mudzandiuze.