Pempho la malangizo pa mipikisano ya chess ya blitz

Akuluakulu okonda chess, ine ndimaphunzitsa achinyamata masewerawa kuno ku Area 25 mu Lilongwe, ndipo ndikufunitsitsa kuti ayambe kulowa mipikisano ya blitz ya pa intaneti, momwe wosewera amapatsidwa mphindi 3 kapena 5 zokha. Mpikisano wa Titled Tuesday wa pa tsamba la Chess.com umalandira okhawo amene ali ndi maudindo a ukatswiri monga grandmaster, pomwe mipikisano yambiri ya pa tsamba la Lichess ndi yaulere ndipo aliyense amaloledwa. Chikutivuta ndi netiweki, chifukwa mwana amasuntha hatchi pafoni koma nthawi yake imangodyeka kusunthako kusanaoneke. Kodi inu mumasankha 3+2 (mphindi 3, kuonjezapo masekondi 2 pa kusuntha kulikonse) kuti masekondi awiri owonjezerawo akupulumutseni? Nanga akatswiri amapezekamo nthawi yanji, kuti anawa adzakumane nawo?