Mabuleki a thilera sakugwira, Loweruka ndili pa ulendo

Membala wobisa dzina: Abale muli bwa, a admin chonde ivomerezeni. Ndinagula thilera ku East Rand, ya mabuleki a magetsi aja, koma ndikaponda buleki imangoikankha bakkie yanga kumbuyo. Ndayeza magetsi ku magineti a mabuleki ku mawilo ndikupeza 5 volts basi. Makaniko wina anandidyera R800 nkungosintha babu, pano foni sakuyankha, komanso mlamu wanga anatenga thilerayo osandiuza kukasamutsa anzake ku Rosettenville, ndikafunsa mlongo wanga ndiye amakwiya ngati ine ndi wolakwa. Anthu andipatsa kale mafiriji ndi mabedi opita ku Mangochi, ndalama zawo ndinadya. Nditani?

Mkulu wa ku Mayfair: CHOTSANI ZIMENEZO. Muike mabuleki a overrun ngati tonsefe, thilera ikakankha imadzimanga yokha, palibe waya palibe kulira. Za magetsizo ndi za anthu a makaravani.

Wa magetsi, Turffontein: Achimwene, 5 volts yo mwayeza bwanji? Ma controller ambiri (kachipangizo ka mgalimoto kotumiza magetsi ku mabuleki a thilera) galimoto ikangoima satulutsa mphamvu yonse mukaponda. Wina akoke lever ya pa controller mpaka kumapeto, gain (poikira mphamvu ya mabuleki) ili pamwamba, muyenera kuona pafupi 12. Ndipo ma axle ndi angati?

Mayi awiri: Mlamuyo ndiye vuto. Wanga anabwereka jenereta mu 2021 mpaka lero.

Mkulu wa ku Mayfair: Lever ya chani iwe, ine msewu wa Beitbridge, Nyamapanda, Tete ndinauyamba usanabwere ku Joni kuno.

Wa magetsi, Turffontein: Akulu ndikukulemekezani koma zaka sizikonza waya. Afunsi, yezani kuyambira pa pulagi ya galimoto, kenako ya thilera, kenako ku mawilo, pomwe volts yagwa ndi pomwe pali matenda. Nthawi zambiri ndi earth (pobwerera magetsi) yadzimbiri, anthu amadalira mpira wa towbar. Palani chitsulo chiwale, mumange waya wa earth wakewake. Magineti imodzi imadya pafupi 3 amps, zinayi ndi 12, kawaya kopyapyala ka nyali sikangakwanitse.

Mnyamata wa Uber: Mlamu akhale kumbuyo azikoka chingwe kkkkk

Adona a ku Yeoville: Ndinu anthu omwe mumapachika katundu mpaka kumwamba. Firiji yanga inafika ku Blantyre chitseko chili padera, mwiniwake akuti ndi mabampu. Mabuleki angagwire bwanji mutanyamula mudzi wonse?

Mkulu wa ku Mayfair: Mayi inu mumafuna tinyamule firiji imodzi pa R500 dizilo tigule ndi chani? Ndipo afunsi laisensi yanu ndi EB, yokokera thilera yolemera? Thilera ikapitirira 750 kg Code 8 ya galimoto wamba ija siyokwana, akakugwirani pa N1 musanafike ndi ku Polokwane komwe.

Wina wodutsa: Yanga magetsi anali bwinobwino, kunali ma shoe a mabuleki atatalikirana ndi drum komanso girisi atalowamo. Kwezani pa jeke muzungulitse wilo.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Mlamu uja wabwera akuti pulagi anaipeza yothyoka kale, bodza lenileni, analumikiza yekha ndi tepi. Koma makaniko uja ndimupeza bwanji?

Wa magetsi, Turffontein: Nde pulagi yothyoka mukunena pano? Tumizani chithunzi cha pomwe analumikizapo. Ma axle angati?

Mkulu wa ku Mayfair: Overrun basi. Ndili nayo coupling yachikale, inbox.