Za polisi yuniti ya pa msika: timange kapena tidikire kaye?

Wapampando: Moni nonse abale. Nkhani tinaisiya pa msonkhano ija ndaibweretsa muno kuti amene muli kutali muyankhulepo. A gulupu apereka malo kuseri kwa msika, ndiye maganizo alipo ndi oti ndalama za gulu lathu za chaka chino timangire polisi yuniti, zipinda ziwiri ndi chitokosi. Kuba ng'ombe kwanyanya ndipo anyamata a kabaza akukana kunyamula munthu kukangoda.

Msungichuma: Ine ndikuti tiyambepo basi. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 simenti ndi malata sizikuima mtengo, ndalama ikamangokhala ku banki ikutha mphamvu. Njerwa anthu ati aumba okha, mchenga tili nawo kudambo.

Amalume opuma upolisi: Ana anga ndiloleni nditalikitse pang'ono poti ntchitoyi ndaigwira mpaka kupuma. Nyumba siibweretsa wapolisi. Amene amatumiza anthu ndi akuluakulu, kuyambira ku likulu ku Area 30 kutsika mpaka kwa OC, mkulu wa polisi ya pa boma, ndipo OC amagawa anthu omwe ali nawo kale, sangawaumbe. Dziko lino wapolisi mmodzi akuyang'anira anthu oposa 1,000, ndipo ambiri mwa apolisiwo ali m'tauni, ena pa msewu, ena akulondera maofesi ndi akuluakulu. Tsono yuniti kuti iyende usana ndi usiku simungaike anthu awiri ayi, wina akhale pa kauntala, wina apite kukagwira munthu, wina aperekeze wamlandu ku khoti, nanga wina akadwala kapena kukagwa maliro kwawo? Olembedwa kumene amayamba akaphunzira miyezi ku Kanjedza, Mtakataka kapena Mlangeni, ndipo kulembako kumadikira bajeti ya boma. Ine ndaonapo mayuniti omangidwa ndi anthu a m'mudzi atangokhala chitsekere, mileme yokha mkati. Chimene chimakaniza wapolisi kubwera kumudzi ngati kwathu kuno ndi pogona. Mukamanga nyumba ziwiri zabwino zokhala ndi chimbudzi ndi madzi pafupi, munthu amavomera transifa mosavuta ndipo amabwera ndi banja lake nkukhazikika.

Msungichuma: Koma amalume nyumba za apolisi si boma linalonjeza kuti limanga 10,000 za achitetezo? Ife tizimanganso?

Amalume opuma upolisi: Linalonjeza inde ndipo zina zamangidwa, koma zimayambira pamene pali polisi kale. Ife pano tilibe ngakhale chikwangwani, sitingakhale pa mndandanda.

Achimwene a ku Joni: Kuno ku Johannesburg anthu a ndalama anangolemba makampani a alonda, alonda achuluka kuposa apolisi enieniwo, ife sitingakwanitse zimenezo. Bwanji tigule njinga yamoto imodzi tipereke ku polisi ya pa boma, ife a kunja tizisonkha ya mafuta mwezi ndi mwezi kuti azibwera patrol masiku a msika? Ndi zachangu kusiyana ndi kumanga.

Mayi aphunzitsi: Achimwene pamenepo ine mtima wanga ukukana. Njinga kugula palibe vuto koma za mafuta mwezi ndi mwezi zija ndi zimene zikutipweteka kale. Mayi ena oyandikana nane anaberedwa mbuzi, atakadandaula anauzidwa kuti galimoto ilibe mafuta apeze okha, anabwerera osathandizidwa poti analibe kanthu. Tikazolowetsa kuti wapolisi amayenda ndi ndalama ya gulu, mawa mwana wa membala wathu akalakwa adzamugwira bwanji munthu amene akumuthirira mafuta? Ndipo mwezi umene a kunja mudzalephere kutumiza chitetezo chidzaimanso. Msonkho timadula kale, mafuta a polisi ndi udindo wa boma, tiyeni tikakamire pamenepo. Chinanso pa pulani yanuyo sindikuonapo chipinda cha Victim Support, mtsikana wogwiriridwa sangafotokoze nkhani yake pa kauntala anthu a pa msika akumvera.

Amalume opuma upolisi: Amayi anena zoona, ndipo chitokosicho muchiganizire bwino. Malamulo amati munthu womangidwa akaonekere ku khoti pasanathe maola 48, tsono mukamutsekera kuno opanda choyendera mwaika wapolisi pa mlandu. Chakudya cha wotsekeredwayo achibale ndi amene amavutika nacho.

Wachinyamata wa kumudzi: Pepani akuluakulu ndilowepo. Ife a komyuniti polisi ndi amene tikuyenda usiku panopa, opanda tochi opanda wezulo opanda ma jekete owala aja, mvula ikagwa ena amangobwerera kunyumba. Tikagwira wakuba timakhala naye mpaka kucha kudikira galimoto, nthawi imeneyo anthu akhamukira ena atenga kale zibonga, kuwaletsa kuti asamuphe ndi ntchito yoopsa zedi. Pomwe mukukambirana za nyumbazo tithandizeniko zipangizo ndi njinga zakapalasa ziwiri, sizodula.

Achimwene a ku Joni: Za anyamatawa ine ndavomera lero lomwe, gawo langa nditumiza sabata ino. Za mafuta ndamva amayi, ndazisiya, koma njinga yamoto ija tisaitaye.

Wapampando: Ndiye tichite chonchi. Matochi, mawezulo ndi majekete tigule mwezi uno. Kumanga tiyembekeze kaye mpaka tikhale ndi kalata yochokera ku polisi yonena kuti yuniti aivomereza ndipo atipatsa anthu angati. Alembi lembani kalata yopempha kukumana ndi a OC, amalume atiperekeze. Nkhaniyi ipitenso ku VDC ndi ADC, makomiti a chitukuko a m'mudzi ndi a dera, kuti ilowe mu mapulani a khonsolo, a phungu tiwafunse ngati ndalama ya chitukuko cha m'dera ya CDF ingamange ofesi ife nkumanga nyumba.

Msungichuma: Chabwino ndagonja, koma simenti ndiloleni ndifunse mitengo panopa. Komanso malo a gulupu aja alipo pa pepala? Tisadzamange kenako adzukulu abwere kuti munda ndi wa agogo awo.

Mlembi: Pepala palibe, anangonena pakamwa pa msonkhano. Mawa ndipita kwa a gulupu tikalembe, kenako kwa a T/A akadinde.