Sienta yanga yayamba kumwa mafuta, akuti ndi oxygen sensor

Bambo a Chisomo, Area 25:
Abale, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi Toyota Sienta ya 2008, injini ya 1NZ-FE, imene ndimanyamulira anthu kupita m'tauni. Masabata atatu apitawa kanyali ka check engine kanayaka, mpaka lero sikanazime. Chikundiwawa kwambiri ndi mafuta. Malita 10 ndinkayenda nawo tsiku lonse, pano ikamakwana 3 koloko masana singano ili pansi. Ndikapisa chala ku ekizozi chimatuluka chakuda bii ngati ndagwira kunsi kwa mphika. Mnyamata wina anaika kamakina kake n'kuwerenga nambala ya vuto, P0135, akuti ndigule oxygen sensor, kachipangizo koyeza mpweya wa oxygen mu utsi wa injini. Kumashopu wina akundionetsa yotchipa yoti ndidule mawaya n'kulumikiza ndekha, wina yakale yochotsa pa injini ina. Ndigule iti? Nanga ndingathe kusintha ndekha pakhomo? Galimotoyi ndi imene ikulipirira ana fizi, ndalama zogula kawiri ndilibe.

Mdala wa ku Biwi:
Musathamangire kugula, achimwene. P0135 ikunena za heater ya sensa yoyamba, ija ili pafupi ndi injini utsi usanafike pa catalytic converter, kabokosi kochepetsa poizoni wa mu utsi. Sensa imeneyi siyiwerenga kanthu isanatenthe kufika madigiri pafupifupi 300, n'chifukwa chake anaiikira kotenthetsera m'kati. Kotenthetserako kakapanda kulandira magetsi, kompyuta ya galimoto imasiya kumvera sensa n'kumathira mafuta mongoyerekeza, nthawi zambiri mopitirira.

Ndiye yambani ndi fyuzi. Kenako tsatirani waya ndi dzanja kuchokera pa sensa mpaka pa pulagi yake, muone ngati sanapse ndi ekizozi. Mwezi watha kunabwera Vitz ndi nambala yomweyi, mwini wake atagula kale sensa yatsopano. Titasuzumira tinapeza khoswe atatafuna waya, makoko a mtedza ali mbwee pamwamba pa injini. Zonsezi zikakhala bwino, zulani pulagi muike multimeter, kamakina koyezera magetsi, pa mawaya awiri akuda a sensayo. Ikapanda kuwerenga ma ohm, apo ndiye kuti sensayo yafadi.

Make Tadala:
Yakale ija isiyeni, bambo. Ife tinagula yotero ya Fielder yathu, miyezi iwiri yokha nyali inayakanso ndipo wogulitsa anakana kutibwezera ndalama. Simungadziwe makilomita amene inayenda ku Japan. Mupite ndi nambala ya chasisi, yanuyo iyenera kuyamba ndi NCP, mufunse ya Denso yobwera ndi pulagi yake. Munene momveka kuti mukufuna yakutsogolo, chifukwa palinso yakumbuyo, ndipo ziwirizi zimaoneka zofanana koma pa ma Toyota ambiri sizisinthanitsika.

Mdala wa ku Biwi:
Amayi anena zoona. Yodula mawaya ija inenso sindiikonda, polumikiza pamalowa madzi nthawi ya mvula.

Zosintha nokha ndi zotheka. Usiku muthire WD-40 m'munsi mwa sensayo igone nayo. M'mawa lizani injini pang'ono ifunde, osati kutentheratu. Yambani mwazula pulagi kuti waya asapotoke. Sipanala yake ndi ya 22, koma mukapeza soketi yong'ambika m'mbali yodutsitsira waya ndi bwino kwambiri, chifukwa sipanala yotsegula imaterera n'kudya makona. Ikalimba musaidumphire ndi chipaipi. Muziibweza pang'ono, kuthiranso, n'kuyesanso. Mazinga a manifold, chipaipi chimene sensayo imamangidwapo, akawonongeka, ntchito yake imadula kuposa sensayo. Yatsopano muyambe kumanga ndi zala mpaka ilowe yokha bwinobwino, ndipo nsonga yake isakhudze girisi.

Wa Probox, Limbe:
Ine ndikuti muonenso air filter ndi ma spark plug. Fumbi la ku Lilongwe miyezi ino ndi lambiri, mwina mafutawo akuthera mbali ziwiri.

Bambo a Chisomo, Area 25:
Zikomo nonse. Fyuzi ndi waya zinali bwino, koma multimeter ya mlamu wanga sinawerenge kanthu pa mawaya akuda aja. Ndinagula ya Denso Lachisanu. Yakale inandivuta pafupifupi ola lathunthu, inatuluka nsonga itakutidwa ndi mwaye. Filter nayonso ndasintha, inali yofiira ndi dothi. Mnyamata uja wafufuta nambalayo, nyali sinayakenso, ndipo dzulo malita 10 andifikitsa 6 koloko madzulo singano isanagone.