OSPF yakana kudzuka pakati pa MikroTik ndi Cisco, ndithandizeni

Wofunsa: Akuluakulu a manetiweki, ndithandizeni maganizo. Ndimasamalira netiweki ya ofesi ina ku Blantyre yomwe ili ndi nthambi ku Lunzu. Ku likulu kuli rauta ya Cisco, ku nthambi kuli MikroTik ya RouterOS 7. Malo awiriwa timawalumikiza ndi wailesi ya pa nsanja, koma mphepo ikawomba kapena magetsi akathima kunsanjako, zonse zimaima. Ndiye ndapanga GRE tunnel (njira yolumikiza marauta awiri kudzera pa netiweki ina) yodutsa pa LTE, intaneti ya mafoni, kuti izikhala njira yachiwiri, OSPF (ndondomeko yomwe marauta amauzirana njira) izisintha yokha. Pa wailesi zili bwino, neighbor (rauta ya tsidya linalo) ali Full, kutanthauza kuti alumikizana kwathunthu. Pa tunnel ping ikuyenda, area (dera la OSPF) ndi 0 mbali zonse, hello (moni wa marauta) masekondi 10, dead (nthawi yodikira moniwo) masekondi 40, koma show ip ospf neighbor ikungonena EXSTART (gawo lina la m'njira asanafike Full), kenako n'kugwa, n'kuyambiranso. Ndiyang'ane pati?

Membala wa ku Mzuzu: Malo awiri okha, OSPF ya chiyani achimwene? Ikani static route (njira zolemba pamanja) ziwiri, ya LTE muipatse distance yaikulu kuti izigwira inayo ikafa, mukagone.

Wofunsa: Ndinayamba ndi zimenezo bwana. Wailesi ikafa pakati, chingwe cha pa rauta chimakhalabe up, ndiye Cisco imangotumizabe katundu kunjira yakufa. Komanso nthambi yachitatu ikubwera.

Mayi wa ma Cisco: EXSTART kawirikawiri ndi MTU, kutanthauza kukula kwa paketi yaikulu kwambiri yomwe interface ingatumize. Kufika pamenepo ndiye kuti hello akudutsa, area ndi ma timer zikugwirizana. Chatsala n'chakuti marauta apatsane DBD (paketi yofotokoza mwachidule database ya OSPF), ndipo m'paketi imeneyo aliyense amalembamo MTU yake. Cisco ikaona ya mnzake ikuposa yake, imaitaya osayankha. GRE imadya mabayiti 24, choncho MikroTik imadziikira 1476 yokha, pomwe ambiri pa Cisco amalemba ip mtu 1400 pa tunnel chifukwa anakopera penapake. Onani show ip interface tunnel0 mutiuze.

Wofunsa: Mwalasa mayi. Pa Cisco pali 1400, pa MikroTik actual-mtu 1476.

Membala wina: ip ospf mtu-ignore basi, Cisco isiye kuyang'ana MTU, nkhani yatha.

Mayi wa ma Cisco: Ayi, imeneyo ndi kuphimba chilonda ndi nsalu. Neighbor adzadzuka inde, koma MTU ikhalabe yosiyana, ndipo tsiku lomwe database idzakule mudzayamba kusaka vuto lomwe munalibisa nokha. Ikani 1400 mbali zonse. Pa LTE ndi bwinonso kutsika chonchi kusiyana ndi kukakamira 1476. Muwonjezere ip tcp adjust-mss 1360, apo ayi mawebusayiti ena azingozungulira osatseguka.

Wofunsa: Ndasintha, tsopano akuti Full. Koma ma route a ku nthambi sakubwera kudzera pa tunnel ndikazimitsa wailesi.

Admin: Imeneyo ndi network type. Tunnel ya Cisco imabadwa ili point-to-point, pomwe interface-template ya RouterOS 7 imayamba ili broadcast. Choipa chake, mitundu iwiriyi ili ndi ma timer ofanana, 10 ndi 40, ndiye amapatsana moni bwinobwino mpaka Full, koma aliyense amafotokoza linkiyo mosiyana mu LSA yake (uthenga wofotokoza malinki ake), SPF (masamu osankhira njira yachidule) n'kulephera kuilumikiza. Pa template ya GRE lembani type=ptp (point-to-point).

Musaiwalenso cost, nambala yomwe OSPF imayerekezera njira: yotsika ndiyo imasankhidwa. MikroTik ya 7 imapatsa interface iliyonse cost 1, ndiye kwa iyo wailesi ndi LTE n'zofanana, izigawa katundu pawiri bandulo n'kutha mwezi usanafike pakati. Cisco imawerengera kuchokera pa bandwidth, ndipo tunnel imaiona ngati yochedwa kwambiri. Lembani nokha pamanja mbali zonse, wailesi 10, tunnel 100. Interface ya LAN ya ogwira ntchito muiike passive, makompyuta a mu ofesi alibe ntchito ndi ma hello.

Wofunsa: Type=ptp yagwira, ma route abwera. Koma ikutenga masekondi pafupifupi 40 isanasamukire ku LTE. Nditsitse dead interval kapena ndiyese BFD (njira yozindikira msanga kuti linki yafa)? Wailesi yathuyi imataya mapaketi mvula ikamagwa, ndikuopa kuti izingosinthasintha.