Kaloboti kanga kakuchedwa kumva, ndichite bwanji?

WakuBangula:
Abale, ndithandizeni nzeru. Tili ndi pampu yothirira chimanga m'mbali mwa Shire. Zinyalala zikatseka paipi timachita kutsikira kumadzi, ndipo paja ng'ona mukuzidziwa. Ndiye ndinasunga ndalama miyezi isanu n'kupanga kaloboti ka matayala anayi, ka Raspberry Pi (kakompyuta kakang'ono) ndi kamera, koti ndizikatuma pa foni kukayang'ana paipiyo. Pabwalo kamamvera bwinobwino. Dzulo kudimba ndinadina kuti kakhotere kumanzere, koma zii. Ndinadinanso kawiri. Mwadzidzidzi malamulo atatu onse anafika pamodzi, kanazungulira n'kugwera m'ngalande, kamera thope lokhalokha. Ping (nthawi imene uthenga umatenga kupita ndi kubwerako) pena imakhala 80 ms, kutanthauza kachigawo kochepa ka sekondi, pena masekondi 3, makamaka madzulo. Mtima wandiwawa zedi.

MlongoWaNchalo:
Pepani achimwene. Kuchedwa kukanakhala kofanana nthawi zonse, dzanja likanazolowera. Chakuponyani m'ngalande n'chakuti kumasinthasintha. Ndikukhulupirira mukugwiritsa ntchito TCP, njira ina yotumizira mauthenga pa intaneti. Imeneyo paketi (kachidutswa ka uthenga) imodzi ikatayika, zam'mbuyo zonse zimaima pamzere kudikira kuti yotayikayo itumizidwenso, kenako zimafika mulu. Sinthani, muike UDP, njira imene siidikira paketi yotayika. Lamulo lililonse lizinyamuka ndi nthawi yake, ndipo likafika patapita theka la sekondi, kaloboti kalitaye. Onetsetsani kuti wotchi ya foni ndi ya Pi zikugwirizana. Komanso kakakhala sekondi imodzi osamva kanthu, kaime kokha. Ichi chokha chikanapulumutsa kamera yanu.

ChikwawaBoma:
Ine ndikuona kuti mukukawongolera mopitirira muyeso. Perseverance, loboti yoyenda ndi matayala imene NASA (bungwe la ku America lofufuza zam'mlengalenga) inatsitsa pa pulaneti ya Mars mu 2021, palibe amaigwirira chiwongolero, chifukwa uthenga umatenga mphindi pakati pa 3 ndi 22 kuti ufike. Amaiuza kokafika, njira imasankha yokha. Inunso muzikauza kuti "pita mita imodzi, ima", muone chithunzi, kenako mutumize lina. GPS musaidalire m'mphepete mwa mtsinje, imaphonya ndi mamita angapo.

AgogoAMakhanga:
Mwanawe, za makompyutazi ndi zanu achinyamata, koma gombe la Shire ndikulidziwa. Chichokereni namondwe wa Freddy mu 2023, dothi limagumuka osachenjeza. Kamangirire chingwe ku mtengo, kakaterereka uzikoka uli patali ndi madzi.

WakuBangula:
Zikomo nonse. Zoonadi mlongo, ndi TCP. Kamera ndaitsuka, ikuyakabe. Usiku uno ndiyamba ndi koima kokha kaja, ndipo chingwe agogo ndigula Loweruka pamsika.