Chimbale cha Foo Fighters cha 2023 n'cha maliro, nanga phokoso lonseli n'lachiyani?

Wang'oma wa ku Chilomoni:

Abale omvera rock, ndithandizeni maganizo. Ine ndimaimba ng'oma kutchalitchi, ndipo Foo Fighters, gulu la rock la ku America, ndinawakonda chifukwa cha munthu mmodzi, wang'oma wawo Taylor Hawkins. Ankamenya ng'oma ndi thupi lonse, akumwetulira, osaphonya ngakhale pang'ono. Anamwalira pa 25 Malichi 2022 mu hotela ku Bogotá m'dziko la Colombia, ali ndi zaka 50, tsiku lomwe gululi limayenera kukwera pa nsanja mumzindawo. Chaka chomwecho Dave Grohl, mtsogoleri wa gululi, anatayanso mayi ake omubereka, a Virginia.

Ndiye nditayamba kumvera chimbale chawo cha But Here We Are, chomwe chinatuluka pa 2 Juni 2023, ndinkayembekezera nyimbo zozizira, mwina piyano ndi mawu apansipansi. Koma ayi ndithu, nyimbo yoyamba, Rescued, ikungoyamba ndi magitala okuwa ndi liwiro la mtima bii. Mawu ake ndi a munthu wosweka mtima, koma kaimbidwe kake n'kodzaza bwalo la masewero. Zimenezi zikundisowetsa mtendere. Kodi munthu wolira mnzake wa zaka 25 angaimbe chonchi? Komanso ng'omazo akumenya ndani, ndi Josh Freese uja?

Mlongo wa ku Leeds:

Achimwene, ng'omazo si Freese. Iye anamulengeza mu Meyi 2023 kuti aziyenda ndi gululi m'makonsati. Pachimbalepo wamenya ng'oma ndi Grohl mwini wake, nyimbo zonse 10.

Kwa ine nkhani yagona pamenepo. Musaiwale kuti Grohl poyamba anali wa ng'oma wa Nirvana. Kurt Cobain, woimba wa Nirvana, atamwalira mu Epulo 1994, Grohl analowa mu situdiyo ku Seattle n'kujambula yekha pafupifupi zida zonse, ndipo zimenezo ndiye zinakhala chimbale choyamba cha Foo Fighters mu 1995. Hawkins atabwera mu 1997 kuchokera ku gulu la Alanis Morissette, mpando wa ng'oma unakhala wake. Tsopano taganizani, mnzanu wapita, inu n'kukhala pampando wake womwewo, n'kutenga timitengo. Inu monga wa ng'oma mukudziwa kuti dzanja lanu silingamenye ngati la munthu wina. Mverani bwino, mupeza kuti Grohl amamenya molemera, mowongoka, pomwe Hawkins ankakonda kusewera ndi tinthu ting'onoting'ono pakati pa kamenyedwe. Kusowa kwa Hawkins kukumveka m'ng'omamo momwemo.

Mdala wa makaseti:

Pepani, ine ndikhala kumbali ya wofunsayu, ndipo ndipitirira pamenepo. Theka loyamba la chimbalechi ndi losalala kwambiri. Anachikonza ndi Greg Kurstin, yemwe anagwiranso ntchito ndi Adele, munthu wodziwa chomwe mawayilesi amafuna. Chisoni chokonzedwa bwino chotero chimandivuta kuchikhulupirira.

Ngati mukufuna kumva bambo wofedwa, pezani Ghosteen cha Nick Cave and the Bad Seeds, cha 2019. Mwana wa Nick Cave, Arthur, anamwalira atagwa paphompho pafupi ndi Brighton mu 2015 ali ndi zaka 15. M'chimbale chimenecho ng'oma sizimveka kwenikweni. Pa cha Foo Fighters, zomwe zimandifika pamtima ndi ziwiri zomaliza zokha.

Mphunzitsi wopuma, Mzuzu:

Bambo a makaseti, ziwiri zomalizazo simungazidule n'kuziika pambali, poti zina zonsezo ndi njira yokafikira kumeneko. Ine The Teacher, imodzi mwa ziwirizo, ndimaimvera ndili ndekha. Ndi ya mphindi 10, yotalika kuposa nyimbo ina iliyonse yomwe gululi linajambulapo kale. A Virginia Grohl anaphunzitsa m'sukulu za boma zaka zoposa 30, koma mwana wawo Dave ali ndi zaka 17 anamulola kusiya sukulu kuti ayende ndi gulu la Scream. Ine monga mphunzitsi ndimadzifunsa ngati ndikanalimba mtima chotero, ndipo ndimawalemekeza kwambiri mayi amenewa. Nyimboyo imakwera, imatsika, kenako kumapeto phokoso limameza chilichonse. Pa Show Me How Grohl akuimba limodzi ndi mwana wake Violet, mdzukulu wa malemuwo. Izi si zokometsera wayilesi ayi.

Ndipo ife siziyenera kutidabwitsa. Evison Matafale atamwalira mu 2001, Black Missionaries sanaleke, anapitiriza ma Kuimba, ndipo anthu ankavina nyimbo zomwe mawu ake anali olira.

Wang'oma wa ku Chilomoni:

Zikomo nonse. Achemwali a ku Leeds, ndamveranso ndi mahedifoni, khutu langa lili pa ng'oma zokha, ndipo n'zoona, dzanjalo ndi lina. Pa Under You m'pamene zandigwira kwambiri. Nyimboyo ndi yothamanga, yokoma kuimbira limodzi, koma munthuyo akunena za zithunzi ndi nyimbo zomwe ankagawana ndi mnzake, ndipo kumbuyoko akumenya yekha ng'oma zomwe mnzakeyo akanamenya.

Bambo anga a makaseti, Ghosteen ndichifuna, koma sindikuvomereza kuti chisoni chenicheni ndi chachete chokha. Pamaliro a achimwene anga aakulu, amene analira mokuwa mpaka mawu kutha anali mayi, ndipo panalibe yemwe anakayika ngati akumva kuwawa. Grohl chida chake ndi phokoso kuyambira ali mnyamata, sakanabwereka kalirilidwe ka Nick Cave.

Chomwe chatsala, ndikufuna kuonera konsati yokumbukira Hawkins ya ku Wembley, ya pa 3 Sepitembala 2022, makamaka pomwe mwana wake Shane, wa zaka 16, anakhala pa ng'oma n'kumenya My Hero. Alipo amene ali nayo yonse? Pa YouTube ndikungopeza zidutswa, ndipo bandulo yanga sikulimba.